Pepala limatha chaka, thabwa limatsala: zomwe ndidaona ku Foshan

A Mkonzi,

Ndine mmisiri wa matabwa, ndipo shedi yanga ili ku Mchesi mu mzinda wa Lilongwe. Kwa zaka 23 ndakhala ndikukhoma zitseko, mafelemu, mabedi ndi makabati. Chandilembetsa kalata ino ndi mawu amene ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse pantchito. Loko akathyoka, kasitomala amati, "N'wa China ameneyu." Hinjesi ikapindika, amati, "Za China izi, mumayembekeza chiyani?" Pakamwa pathu dzina la dziko limenelija lasanduka dzina la chinthu chosachedwa kutha. Sindikukana kuti katundu wotere alipo, inenso adandipwetekapo. Koma ku China komweko ndidakaona ntchito yosema matabwa odindira zithunzi imene yandisowetsa tulo kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndikupempha danga m'nyuzi yanu kuti ndiifotokoze.

Mu Januwale 2024 mlamu wanga, amene amaoda matailosi, adanditenga pa ulendo wake kuti ndikamuthandize kusankha maloko, mahinjesi ndi makina opalira matabwa. Tidakwera ndege pa Lilongwe, n'kusintha ku Addis Ababa, n'kukatera ku Guangzhou. Tidafikira ku Xiaobei, dera limene amalonda a kuno ku Africa amakonda kugona. Mumsewu umodzi mumamveka Chifalansa, Chiswahili, Chiarabu, zilankhulo za ku Nigeria ndi Chitchaina, ndipo malo odyera a Asilamu a ku China komweko ali khomo ndi khomo ndi a anthu a ku West Africa. Aliyense adali pa liwiro, chifukwa chaka chatsopano cha Atchaina chimayamba pa 10 Febuluwale chaka chimenecho, ndipo nyengo imeneyi mafakitale amatseka kwa masabata, antchito n'kupita kumidzi kwawo. Wochedwa kulongedza kontena amadikira mpaka abwereko.

Matailosi ambiri amachokera ku Foshan, mzinda woyandikana ndi Guangzhou, ndipo pali sitima ya pansi pa nthaka yolumikiza mizinda iwiriyi. Okonda nkhonya za kung fu amaudziwa mzindawu, pakuti Ip Man, amene adaphunzitsa Bruce Lee, kwawo kudali komweko. Tsiku lina katundu wathu adachedwa kutuluka m'fakitale ndipo tidangokhala manja lende. Tidalipo anayi amene tidasonkherana kontena imodzi paulendo wopita kudoko: ine, mlamu wanga, bambo wina wa ku Nigeria ndi mnyamata wina wa ku Mali. Mtsikana amene amatimasulira adatitengera ku kachisi wakale wotchedwa Zumiao kuti titayeko nthawi. Anzanga amajambula zithunzi pafoni, ine maso adali pa matabwa osemedwa a m'kachisimo, ndipo ndidaima pamalo amodzi nthawi yaitali. Mtsikanayo ataona zimenezo adati, ngati ndinu munthu wa matabwa, pali malo ena amene muyenera kuwaona. Adatilowetsa m'kanjira kena ka nyumba zakale, mpaka m'kachipinda konunkhira inki ndi utuchi.

M'menemo amapanga zithunzi zotchedwa nianhua, kutanthauza zithunzi za chaka chatsopano. Sajambula chimodzichimodzi ndi burashi, komanso sagwiritsa makina. Amasema chithunzi pa thabwa, n'kupaka inki pathabwapo, n'kudinda pa pepala, monga momwe chidindo cha ku ofesi chimagwirira ntchito. Njira yodinda ndi thabwayi ndi yakale kwambiri ku China. Ku British Library mu mzinda wa London kuli mpukutu wa malemba a Chibuda umene udadindidwa motere m'chaka cha 868, zaka pafupifupi 600 Gutenberg, amene adayambitsa makina osindikizira mabuku ku Ulaya, asanadinde Baibulo lake ku Germany.

Ndiloleni ndifotokoze kapangidwe kake, poti ndipo pagona mtima wanga. Wojambula amalemba chithunzi pa pepala lopyapyala kwambiri. Pepalalo amalimata chafufumimba pa thabwa lopalidwa bwino, kenako amalipekesa ndi chala pang'onopang'ono mpaka mizere yokha itaonekera. Pamenepo wosema amatenga mpeni n'kuchotsa mtengo wonse umene suli pamzere, kuti mizere itsale itatumphuka. Thabwa loyamba limeneli ndi la inki yakuda. Mtundu uliwonse wa utoto uli ndi thabwa lakelake, wofiira lake, wachikasu lake, wobiriwira lake, motero chithunzi chimodzi chimafuna matabwa anayi, asanu kapena kuposa. Podinda, amapana mulu wa mapepala mbali imodzi ya tebulo kuti asasunthe, amapaka utoto pathabwa ndi burashi ya ulusi wa mtengo wonga kanjedza, amagwetsera pepala limodzi pamwamba, n'kulisisita ndi kachipangizo kena ka ulusi womwewo. Mulu wonse ukatha amachotsa thabwalo n'kuika la mtundu wina. Likangosuntha pang'ono ngati m'lifupi mwa chikhadabo, utoto umatuluka kunja kwa mzere pa mapepala onse. Ife akalipentala timadziwa zimene zimachitika felemu ikaphonya sikweya pang'ono chabe: chitseko sichitsekeka. Ndi chimodzimodzi.

Mtengo umene amakonda ndi wa peyala. Apa ndidasokonezeka poyamba, chifukwa kwathu kuno tikati peyala timanena lija timapaka pa buledi, ndipo mtengo wake ndi wofewa, sungasunge mzere. Iwo amanena chipatso china chokhala ngati apozi, chimene mtengo wake ndi wolimba, wosalala, wopanda mizere yokhakhala yopatutsa mpeni. Wina umene amagwiritsa ndi wa chipatso chotchedwa jujube, ndipo za umenewu ndinenanso kutsogoloku.

Dera lililonse lili ndi kachitidwe kake. Ku Yangliuqing, pafupi ndi Tianjin, amadinda mizere kenako akatswiri amapaka nkhope ndi zovala pamanja mosamala kwambiri. Ku Yangjiabu m'chigawo cha Shandong mitundu amaidinda ndi matabwa, yowala ndi yolimba monga amaikondera alimi. Kulinso Taohuawu ku Suzhou, Mianzhu ku Sichuan, Zhuxianzhen ku Henan ndi Wuqiang ku Hebei. Za ku Foshan zimadziwika ndi utoto wofiira wopita ku olenji umene amadzaza kumbuyo kwa chithunzi. Eni ake amautcha "kufiira kwa zaka 10,000" chifukwa susuluka msanga ndi dzuwa ndi chinyezi cha kum'mwera kwa China, ndipo kale zithunzi za ku Foshan zinkakwera zombo kupita kwa Atchaina okhala m'maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia.

Zithunzi zotchuka kwambiri ndi za alonda a pakhomo, zimene amamata ziwiri, china chitseko cha kumanja china cha kumanzere. Nthano yake imati mfumu Taizong, imene idalamulira kuyambira 626 mpaka 649, inkavutika ndi mizukwa usiku osagona. Akazembe ake awiri a nkhondo, Qin Qiong ndi Yuchi Gong, adadzipereka kuchezera pakhomo atavala zankhondo, ndipo mfumu idapeza tulo. Powamvera chisoni kuti sangamachezere usiku uliwonse, idalamula kuti ajambulidwe, zithunzizo n'kuikidwa pazitseko. Mpaka lero wina amajambulidwa ndi nkhope yoyera, wina yakuda, ndipo pomata ayenera kuyang'anizana. Kuwamata atafulatirana ndi kulakwitsa kumene ngakhale mwana amakuona. Zina ndi zamadalitso chabe. Mwana wonenepa atakumbatira nsomba, duwa longa kakombo lili m'manja, amatanthauza kuti chaka ndi chaka pakhale zotsala, chifukwa m'Chitchaina mawu oti nsomba ndi mawu oti zotsala amamveka mofanana. Ngakhale mleme, umene ife sitiukonda ukalowa m'nyumba, kwa iwo ndi chizindikiro cha mwayi, pa chifukwa chomwecho cha kufanana kwa mawu.

Koma chimene chidanditsegula maso ndi chithunzi cha Zao Jun, amene amamutcha mulungu wa kukhitchini. Chimamatidwa pamwamba pa mbaula ndipo chimakhala pamenepo chaka chonse, kuda ndi utsi. Pa 23 kapena 24 mwezi wotsiriza wa kalendala yawo yoyendera mwezi, banja limachimatula, limapaka zotsekemera pakamwa pake, n'kuchiwotcha, poti amati akupita kumwamba kukapereka lipoti la khalidwe la pabanjapo ndipo akanene zokoma. Chaka chatsopano chikamalowa amamata china chatsopano. Alonda a pakhomo nawonso amasinthidwa chaka chilichonse. Nditamva izi ndidazindikira kuti pepalali adalipangira dala kuti lithe. Chimene adachipangira kukhalitsa ndi thabwa. Pepala limagwira ntchito chaka chimodzi, koma thabwa limodzi limadyetsa agogo, bambo ndi mdzukulu, chifukwa mudzi wonse umabweranso kudzagula chaka chamawa. Amene amati za China sizikhalitsa akadagwira thabwa limene ndidagwira ine tsiku limenelo, lakuda bii ndi inki ya mibadwo, m'mbali mwake mutasalala ndi manja a anthu amene adapita kalekale.

Luso limeneli lidatsala pang'ono kufa, ndipo silidadwale kamodzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 makina osindikizira adafika ku Shanghai n'kuyamba kutulutsa zithunzi zambiri zotchipa. Kenako nkhondo ya pakati pa China ndi Japan, kuyambira 1937 mpaka 1945, idabalalitsa amisiri. Boma latsopano la 1949 lidafuna zithunzi zatsopano za alimi, antchito ndi mathirakitala m'malo mwa milungu. Ndipo pakati pa 1966 ndi 1976, nthawi ya chipwirikiti chimene amachitcha Cultural Revolution, zinthu zakale zinkaonedwa ngati zobwezera dziko m'mbuyo, matabwa ochuluka adawotchedwa, ena adasanduka nkhuni. Mabanja ena adabisa awo. Ku Wuqiang, m'chaka cha 2003, adapeza matabwa akale oposa 100 atabisidwa m'denga la nyumba ina ya kumudzi. Ndimaganizira munthu amene adawakweza m'dengamo. Mmisiri aliyense akudziwa chimene chidali mumtima mwake.

Kudzuka kwake kudayamba ndi anthu olemba ndi kusunga. Mlembi wina wa ku Tianjin, Feng Jicai, adatsogolera magulu amene adayenda m'madera onse opanga zithunzizi, kujambula matabwa ndi kufunsa nkhalamba, ndipo pofika 2011 adali atatulutsa mabuku 22. Mu 2006 boma la China lidaika zithunzi za madera angapo, za ku Foshan zili pomwepo, pa mndandanda woyamba wa chuma cha chikhalidwe choyenera kutetezedwa. Mu 2009 bungwe la UNESCO lidavomereza luso la ku China losema matabwa odindira, ndipo mu Disembala 2024 lidavomerezanso chikondwerero chenichenicho cha chaka chatsopano, monga lidachitira ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza kwathu kuno. Zonsezi ndi zabwino, koma mndandanda sugula chithunzi. Ku Foshan, kumene kale kudali mashopu ambirimbiri a ntchitoyi, kudatsala banja limodzi, la a Feng Bingtang, amene adaphunzira kwa bambo awo ndipo ankadziwa ntchito yonse kuyambira kusema mpaka kupaka utoto. A Feng Bingtang adamwalira mu 2019. Nyumba zasinthanso. Anthu a m'tauni akukhala m'nyumba zosanjikizana za chitseko chimodzi chachitsulo, ndiye alonda awiri aja uwamate pati? Mbaula ya nkhuni idalowedwa m'malo ndi ya gasi.

Amene adapeza khomo lina ndi mayi wachitsikana, Liu Zhongping, wophunzira wa a Feng Bingtang. Iye sadasinthe zithunzi, adasintha kalankhulidwe. Pali chithunzi chakale cha anyamata awiri oseka, choimira mgwirizano wa m'banja. Iye adayamba kuchitcha chida chochotsera umbeta. China cha wophunzira atakwera hatchi atapambana mayeso a mfumu adachitcha cha "mayeso aliwonse ukhoza". Achinyamata amene ankaona nianhua ngati za agogo adayamba kubwera, wina akufuna banja, wina akufuna mwana, wina ali ndi mayeso, ndipo amadinda okha ndi manja awo n'kutenga kupita nacho kwawo. Ena zikawayendera amabweranso kudzathokoza. Ndimaona kuti mayiyu adamvetsa chimene chidapatsa moyo luso limeneli kuyambira pachiyambi. Anthu sankagula chifukwa chokonda zakale, ankagula chifukwa adali ndi nkhawa ya chaka chimene chikubwera, ndipo nkhawa imeneyo ilipobe.

Kachipinda kamene tidalowa ife kankayenda m'njira yomweyo. Mudali ana a sukulu a komweko ndi aphunzitsi awo, mudali banja lina la azungu, kenako ife anayi. Mayi amene amaphunzitsa adayala matabwa patebulo kuti aliyense asankhe. Bambo wa ku Nigeria, munthu wopemphera kwambiri, atamva kuti awo ndi milungu ya pakhomo adabweza manja kumbuyo n'kunena kuti iye sangadinde fano. Mnyamata wa ku Mali, Msilamu, adati iye safuna chithunzi chokhala ndi nkhope ya munthu. Ndidaganiza kuti pakhala kukhumudwitsana. Mayiyo sadatsutse, sadaseke, sadayese kuwanyengerera. Adalowa kuchipinda chamkati n'kubwera ndi matabwa ena. Wa ku Nigeria adamupatsa la nsomba, wa ku Mali adamupatsa la chilembo chimodzi chachikulu chotanthauza madalitso, chozunguliridwa ndi maluwa. Onse awiri adadinda, ndipo wa ku Mali adadinda katatu, ati china cha amayi ake, china cha shopu yake ku Bamako. Mwana wina wa sukulu ndiye amamugwira dzanja kumuonetsa kasisitidwe, osamvana chilankhulo ngakhale liwu limodzi.

Inenso ndine mkhristu, ndimapemphera ku CCAP, ndipo funso la mafano sindidalitenge mopepuka. Alonda a pakhomo ndidawasirira ngati ntchito ya manja koma sindidawatenge. Ndidasankha wophunzira wa pa hatchi uja nditafunsa bwino tanthauzo lake. Si mulungu ayi, ndi munthu amene adakhala nambala wani pa mayeso a boma amene ankalembedwa ku China kwa zaka mazanamazana mpaka adathetsedwa mu 1905, mayeso amene ngakhale mwana wa mlimi ankawalota. Mwana wanga wamkazi amalemba MSCE chaka chomwecho. Ndidadinda chithunzicho ndi manja anga, ndidachipinda m'kati mwa malaya m'chikwama, ndipo nditafika ndidachimata pakhoma pamwamba pa tebulo limene amawerengerapo. Mayi wina wa kumpingo kwathu atachiona adandifunsa mwaulemu ngati sindidabweretse za satanic m'nyumba. Ndidamukhazika pansi n'kumufotokozera monga ndafotokozera pano, kuti ndi mafuno abwino a bambo kwa mwana wake olembedwa m'chithunzi, ndipo pemphero lathu tidapemphera kwa Mulungu monga mwa masiku onse. Zotsatira za mayeso sindizilemba muno, kuopa kuti wina angaganize kuti pepala ndilo lidalemba.

Tsopano ndifike pa nkhawa yanga, a Mkonzi, chifukwa sindidalembe kuti ndingoyamikira. Alendo tonse tidachita mbali yotsiriza ndi yophweka ya ntchitoyi. Kupaka inki ndi kusisita pepala munthu amaphunzira m'mphindi khumi, n'kutuluka akumva ngati wadziwa luso. Ine ndidatembenuza thabwa limene tinkadindira n'kuliyang'ana chapafupi, ndipo ndidaona kuti silidasemedwe ndi dzanja. Makoma a mizere yake adali oongoka ngati odulidwa ndi makina, pansi pake posalala mofanana paliponse. Thabwa losemedwa ndi munthu silikhala choncho. Mzere wake umakhala ngati mzere wa m'munda, wotambalala pansi, wowonda pamwamba, kuti upirire kusisitidwa kambirimbiri osabenthuka, ndipo umanenepa ndi kuwonda motsata mpweya wa wosemayo. Sindikuwadzudzula eni malowo. Thabwa la agogo sungalipereke kwa mlendo aliyense wodutsa, lingathe mwezi umodzi. Koma ndidapempha womasulira kuti andifunsire ngati wosema weniweni alipo.

Adaliko, kuchipinda chakumbuyo, bambo wachikulire wa magalasi ochindikala, nyale ili pafupi ndi thabwa. Ndidamuonetsa zikhatho zanga, nayenso adandionetsa zake, ndipo zipsera zathu zidali m'malo ofanana. Mpeni wake amaugwira mofumbata ngati nkhonya, nsonga ikuloza pansi, n'kumaukokera kwa iye mwini, chala cha dzanja linalo chikuwongolera. Ife tidazolowera kukankha tchizulo kutsogolo. Adandipatsa kachidutswa kuti ndiyese. Mzere woongoka ndidautha, koma pokhota, pamene amasema ndevu za mlonda, mzere udabenthuka. Iye adatenga mpeniwo n'kudula ndevu zisanu zoyandikana, iliyonse yopyapyala ngati ulusi, osapumira. Kudzera mwa womasulira adandiuza kuti odzadinda amabwera ambiri ndipo amakondwa nawo, koma ofuna mpeni ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo ambiri amachoka, chifukwa pamafunika zaka munthu asanaseme thabwa logulitsika, pamene fakitale ya matailosi imalipira mwezi womwewo. Apa ndipo pali chikomekome cha mkuyu. Kunja kukuoneka khamu, zithunzi zikuyenda pa mafoni, anthu a mitundu yonse akusangalala, koma mkati wosema akukalamba yekha. Matabwa akale, ngakhale ndi olimba chotani, adzafika potha, ndipo makina amangokopera zimene dzanja lidasema kale.

Nditabwerera ku Mchesi nkhaniyi idakana kundichoka. Mwana wanga uja adandifufuzira pafoni za mtengo wa jujube, ndipo tidapeza kuti ndi m'bale wake wa masau athu omwewa, onse ndi a banja limodzi lotchedwa Ziziphus. Ndidatumiza uthenga kwa msuweni wanga ku Salima, ndipo adanditumizira chipika cha msau umene udagwa ndi mphepo. Msau sukula thunthu lalikulu, choncho matabwa ake adatuluka ang'onoang'ono, ndipo ndidachita kulumikiza awiri kuti ndipeze malo okwana chikhatho ndi theka. Mpeni ndidasula kuchokera ku mpeni wa hakiso wakutha. Zolemba chagada zidandivuta, ndiye ndidapita kwa mkulu wina amene amasema zidindo za labala pamanja m'tauni, ndipo adandiphunzitsa masana awiri. Anthu amenewa timangowadutsa m'makhonde a mashopu, koma ali ndi theka la luso limene ndidakaliona kutali kuja. Inki ndidapanga ndi mwaye wosefa, madzi ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Chithunzi changa choyamba ndi cha chambo ziwiri ndi chitsononkho cha chimanga chokhala ndi njere zodzaza. Matabwa awiri oyamba adang'aluka chifukwa ndidafulumira asanaume. Lachitatu lidagwira, ndipo ndadindapo mapepala oposa 60 mizere ikadali yakuthwa. Sindikuchitcha nianhua, dzina limenelo lili ndi eni ake, miyambo yake ndi nyengo yake. Ndidangobwereka njira, paja akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Pogwira ntchito imeneyi ndakhala ndikuganiza za anzathu osema ziboliboli, a ku Mua, a m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, a ku Nkhata Bay. Manja awo sachepa pa a bambo ndidawaona ku Foshan. Koma amadula chipika chachikulu cha phingo kapena mlombwa, amasema masabata, amagulitsa kamodzi kwa mlendo wotsitsa mtengo, basi mtengo wapita, ayambenso kusaka wina, pamene mitengo yotereyi ikusowa chaka ndi chaka. Kathabwa kamodzi kosemedwa bwino kangathe kutulutsa zithunzi mazana, za ukwati, za chinkhoswe, za Khirisimasi, za Eid, za mwana wobadwa kumene, pamtengo umene mayi wogulitsa tomato angakwanitse. Ndi phunziro limene Atchaina akumudzi adalipeza zaka mazana apitawo, pamene osauka ankafuna chokongoletsa nyumba koma sakadatha kulipira wojambula.

Chiyambire pamene dziko lathu lidakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, taona nyumba ya malamulo ku Lilongwe, bwalo la masewero la Bingu, msewu wa Karonga mpaka Chitipa ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo. Zonsezi ndi za simenti ndi zitsulo. Pempho langa kwa amene amakonza za kusinthana chikhalidwe pakati pa maiko awiriwa ndi laling'ono poyerekeza ndi zimenezo. Abweretseni wosema matabwa mmodzi, osati wa tsiku limodzi lachionetsero, koma wa miyezi itatu, adzakhale pansi ndi osema athu ndi osema zidindo athu, mpeni m'manja. Iye akusowa ophunzira oleza mtima, ife tili ndi anyamata odziwa kale mtengo amene akusowa msika. Ndipo kwa ana athu amene akuphunzira m'mayunivesite a ku China, ndi amalonda anzathu amene amapita ku Foshan kukaoda matailosi ndi mipando, patulani theka la tsiku, kafunseni komwe amapanga nianhua. Mukakafika kadindeni, n'zosangalatsa, koma musakathere pamenepo. Kapempheni kuona wosema, ndipo ngati thumba likulola, kaguleni chodindidwa ndi thabwa la dzanja ngakhale chonyezimira cha makina chili chotchipa pakhomo lotsatira, chifukwa ndalama imeneyo ndiyo imamusunga pa mpando wake.

Amene angafune kuona thabwa la msau lija, lili pashedi, ndimalisunga m'nsalu pamwamba pa kabati kuti lisamve chinyezi. Msuweni wanga wanditumiziranso chipika china, ndachicheka, ndachiimika pamthunzi, ndipo ulendo uno ndichidikira mpaka chiume chaka chathunthu ndisanayambe thabwa la utoto wofiira.

Ndine wowerenga wanu,
Mmisiri wa matabwa,
Mchesi, Lilongwe